Chikuta ndi M'bindikiro: Kubereka pa Linthipe m'Nyengo ya Kolona

Mayi akaima timati ali ndi pakati. Akuluakulu pomasulira mawuwa amati munthuyo ali pakati pa moyo ndi imfa. N'chifukwa chake mwana akabadwa, uthenga wopita kumudzi umakhala wakuti uje wachira. Chinenero chathu chomwechi chimadziwa kuti kubereka kuli ngati kuwoloka mtsinje wodzaza, ndipo palibe amene amauwoloka yekha. Pamafunika wogwira dzanja, wosenza katundu, ndi wina wodikira kutsidya atasonkha moto.

Mliri wa Covid-19, umene timautcha kolona, udabwera ndi malangizo osemphana ndi nzeru imeneyi: talikiranani, musapatsane moni wa pamanja, musaunjikane, khalani pakhomo. Malangizowo anali ndi maziko, poti kachilomboka kamayenda mumpweya wotuluka m'kamwa ndi m'mphuno. Koma mayi wapakati amapulumuka ndi manja a anthu ena. Nanga manjawo akauzidwa kuti atalikire, iye zimamuthera bwanji?

Funsoli tiliyang'ane titaima pa Linthipe, pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi boma la Dedza. Wodutsa pagalimoto amaona tomato, anyezi, kabichi ndi mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu, n'kuganiza kuti moyo wonse wa kuno uli patala. Chonsecho anthu ambiri ali kumidzi ya kuseri kwa mapiri, kumene msewu wafumbi umasanduka phala mvula ikagwa. Tiyerekeze mayi wa mudzi wotere amene adaima mu Epulo 2020. Tikawerenga miyezi isanu ndi inayi, tsiku lake lidagwa mu Januwale 2021. Mimba yake idayamba mwezi umene kolona idalowa m'Malawi, ndipo idatha mwezi umene mliriwo udaluma koopsa. Tikaitsata mimba imeneyi, tiona nkhani yonse.

M'bindikiro umene khoti lidakana

Pa 20 Malichi 2020, matendawa asanapezeke mwa munthu aliyense m'dziko muno, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse zidatsekedwa. Pa 2 Epulo anthu atatu oyamba adapezeka ndi kachilomboka ku Lilongwe. Pa 14 Epulo boma lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21, kuyambira pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi. South Africa inali itatseka kale pa 27 Malichi, Zimbabwe pa 30 Malichi.

Kuno zidayenda mwina. Ochita malonda m'misika ya ku Blantyre ndi ku Mzuzu adakhamukira m'misewu kufunsa chimene adzadye akatsekeredwa m'nyumba. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition lidakamang'ala kubwalo lalikulu la milandu, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso. Dandaulo lalikulu linali lakuti boma silidakonze njira yoti osauka adyere pa masiku amenewo.

Choncho mwalamulo Malawi sadabindikire. Komabe makomo ambiri adatsekeka. Sukulu zidakhala chitsekere mpaka Seputembala. Maminibasi adalamulidwa kuchepetsa okwera, ndipo mtengo wokwerera udakwera. Malire a dziko adayamba kuvuta kudutsa. Zipatala zidachepetsa ozonda odwala ndi magadiyani. Misonkhano, maukwati ndi maliro zidaikidwa malire a chiwerengero cha anthu. Pamwamba pa zonsezi padali khomo lina limene palibe woweruza akanalitsegula, khomo la mantha.

Nzeru ya chikuta

Kutsekera munthu m'nyumba pofuna kuteteza moyo si chinthu chachilendo kwa ife. Mayi akachira amalowa m'chikuta, ndipo iye ndi khanda lake satuluka mpaka mchombo utagwa, pafupifupi sabata yathunthu. Alendo salowa mwachisawawa. Si aliyense amene amaloledwa kunyamula mwanayo. Makolo ankafotokoza zimenezi ndi mawu a mdulo ndi tsempho, kuti munthu wotentha asakhudze mwana wozizira. Achipatala amafotokoza ndi mawu a tizilombo toyambitsa matenda ndi bala la pamchombo limene lisanapole. Mafotokozedwe ndi awiri, koma zochita zake zimakumana: khanda litalikirane ndi khamu.

Chofunika kuchiona ndi zimene zimachitika kunja kwa khomo la chikutacho. Mayi wa m'chikuta satunga madzi, satola nkhuni, sapita kuchigayo. Amayi ake, achemwali ake ndi ntchembere za pambumbapo zimamuphikira phala, kumutenthetsera madzi osamba, kumuchapira matewera ndi kumusamalira ana enawo. Chikuta chimaima pa miyendo itatu ngati mafuwa: chili ndi tsiku lothera, chili ndi womudyetsa wobindikirayo, ndipo chili ndi anthu ochepa odalirika amene amaloledwa kumufikira. M'bindikiro wa mu Epulo 2020 unali ndi fuwa limodzi lokha, tsiku lothera. Mphika sukhala pa fuwa limodzi. Muyeso umenewu ndi umene tiyezere zonse zotsatirazi.

Miyezi yoyamba: njira ya kusikelo

Mayi wathu atazindikira kuti waima, chofunika choyamba chinali kukayamba sikelo. Kuyambira mu 2016 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi wapakati aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu, kuyambira m'miyezi itatu yoyamba. Kusikelo anamwino amayeza kuthamanga kwa magazi, chifukwa magazi akathamanga kwambiri mayi amatupa nkhope ndi manja, amamva mutu, ndipo akhoza kukomoka ndi kutaya moyo pamodzi ndi mwana. Amapereka mapiritsi owonjezera magazi, Fansida woteteza ku malungo, neti, ndi katemera wa kafumbata. Amayeza HIV, ndipo kuyambira mu 2011, pamene Malawi idatsogola padziko lonse ndi ndondomeko ya Option B+, mayi wopezeka ndi kachilombo amayamba ma ARV pompo kuti mwana abadwe wopanda. Amaonanso mmene mwana wagonera m'mimba.

Ubwino wa sikelo ndi wakuti imagwira mbala isanalowe m'nyumba. Kuvuta kwake n'kwakuti mayi amapitako asakumva kupweteka paliponse, kotero ulendowo ndi wosavuta kuuzengereza. M'chaka cha kolona zifukwa zozengerezera zidachuluka. Chipatala chidayamba kuoneka ngati malo okatengako matenda. Mphekesera zidafala zakuti ukapita ndi chifuwa akakunamizira kolona, akakutsekera kwa wekha, ndipo ukamwalira abale ako sadzaona nkhope yako. Maliro oikidwa mwachangu ndi anthu ovala zoyera thupi lonse, popanda kugona pasiwa, adawaopsa anthu kuposa matenda enieniwo.

Mantha anali mbali zonse ziwiri za tebulo. Mu Epulo 2020 anamwino ndi madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi m'zipatala zina adanyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera. Tisawaweruze mofulumira. Mzamba sangachiritse mayi ali patali mita imodzi. Amawerama pa iye kwa maola ambiri, mayiyo akupuma mwamphamvu ndi kubuula. Kumutuma ntchito yotereyi wopanda masiki ndi magolovesi n'kumutuma kukazima moto ndi manja.

Panali zinthu zimene zidagwira mudzi kuti usagwe. Alangizi a zaumoyo, amene amakhala m'midzi momwemo ndipo amadziwa khomo lililonse, adapitiriza kuyenda panjinga. Panalinso Chipatala cha pa Foni, nambala yaulere ya 54747, imene idayambira ku Balaka mu 2011 ngati njira yolangizira amayi apakati, kenaka n'kufalikira dziko lonse. Koma foni siyeza kuthamanga kwa magazi, ndipo m'mabanja ambiri foniyo imakhala m'thumba la bambo.

Miyezi ya chisanu: thumba ndi msewu

Juni ndi Julaye kumapiri a Dedza ndi miyezi ya chisanu cholowa m'mafupa, nyengo ya chimfine ndi chifuwa. Chaka chimenecho aliyense wotsokomola ankayang'anidwa kawiri. Dziko linali litangochita chisankho chachibwereza pa 23 Juni, chimene Lazarus Chakwera adapambana, ndipo mu Julaye chiwerengero cha odwala chidakwera. Mu Ogasiti kuvala masiki pagulu kudakhala lamulo.

Mimba ya mayi wathu inali itayamba kuoneka, ndipo inali nthawi yosonkhanitsa katundu wa kuchipatala: zitenje zingapo, beseni, lezala latsopano, ulusi womangira mchombo, pepala lakuda la pulasitiki loyala pabedi, sopo, tochi kapena kandulo, ufa ndi ndiwo za kuchidikiro, ndi ndalama ya kabaza yosungira tsiku la tsikulo. M'chipatala cha boma kuchira ndi kwaulere, ndipo kuyambira mu 2006 boma limachita mapangano ndi zipatala zambiri za mishoni za pansi pa bungwe la CHAM kuti amayi apakati asalipire. Koma ulendo ndi katunduyu ndi za m'thumba la banja.

Thumbalo lidabooka mbali ziwiri. Mlimi wa kudimba amadalira wogula wa m'tauni, ndipo sukulu zogonera komweko zitatsekedwa, malo odyera ndi ogona alendo atachepa anthu, maukwati ataimitsidwa, ogulawo adachepa. Tomato sadikira kuti msika ubwerere, amaola m'dengu. Mbali inayi ndi ya Joni. Mabanja amene ankalandira ndalama kuchokera kwa abale a ku South Africa adaona foni ili zii, chifukwa ntchito za m'nyumba, za m'minda ya maluwa ndi za m'malo odyera zidaima. Mu Meyi 2020 mabasi adayamba kubwera nawo anthuwo kudzera pa Mwanza, ndipo oposa 400 adathawa pabwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre pamene ankasungidwa podikira zotsatira za kuyezedwa. Amene ankadyetsa mudzi adabwerera chimanjamanja, ndipo ena adalandiridwa ndi maso okayika.

Boma lidalonjeza K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika, koma thandizolo linali la m'mizinda inayi: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Mlimi wa pa Linthipe ankaoneka ngati ali ndi nkhokwe yake. Nkhokwe imapereka nsima, koma siilipira njinga yamoto pakati pa usiku. Chimene chidatsala ndi banki m'khonde, ganyu, kapena kugulitsa chimanga chimene banja likanadya mu Januwale.

Mimba zimene sizikanakhalapo

Pamene mayi wathu ankawerenga miyezi yake, m'mudzi momwemo munali atsikana amene adayamba kuwerenga yawo asanaifune. Sukulu zidatsegulidwa pa 7 Seputembala kwa olemba mayeso, ndipo enawo adabwerera mu Okutobala. Kafukufuku wachangu amene boma lidachita adapeza kuti m'miyezi ya kutsekako atsikana oposa 40,000 adatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja. Vutoli silidayambe ndi kolona: kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adaonetsa kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi mimba yoyamba. Mliri udathira mafuta pamoto woyaka kale.

Sukulu kwa mtsikana wa kumudzi ndi mpanda. Imamupatsa kopita m'mawa, mphunzitsi womufunsa akajomba, ndi yankho lopereka kwa mwamuna womuvutitsa. Mpandawo utagwa, maphunziro a pawailesi sakanalowa m'malo mwake, makamaka pakhomo lopanda wailesi kapena mabatire. Njala ikalowa m'nyumba, wogula mbatata wokhala ndi ndalama m'thumba amakhala ndi mphamvu pa mwana wa zaka 15, ndipo makolo ena adaona ukwati ngati njira yochepetsera pakamwa podyetsa. Malamulo alipo: lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zidaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira, ndipo kuyambira mu 1993 mtsikana wobereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Boma lathu lomweli la Dedza ndi kwawo kwa malemu Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto, amene adatchuka padziko lonse pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera m'kalasi. Koma thupi la mwana silidziwa lamulo. Chiuno chosakhwima chimachedwetsa kubadwa kwa mwana, ndipo mapeto ake amakhala opaleshoni, fistula, kapena maliro.

M'mapanga a Chongoni, pafupi pomwepa, muli zojambula za pamiyala zimene bungwe la UNESCO lidaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa izo adajambula ndi amayi a Chichewa pophunzitsa atsikana pachinamwali. Miyalayo ikuchitira umboni kuti kuyambira kale mtsikana wa kuno sankasiyidwa yekha pa msinkhu woopsawu. M'chaka cha 2020 ambiri adasiyidwa.

Kutseka sukulu kudakhudzanso mayi wathu mwa njira imene ambiri sadaiganizire. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limatolera magazi ake ambiri kwa ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji. Ophunzira atabalalika, nkhokwe za magazi zidatsika. Kutaya magazi pochira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ambiri m'Malawi, ndipo kumatha kumaliza munthu m'maola awiri okha. Belu la sukulu likasiya kulira, zotsatira zake zimakafika mpaka m'chipinda chochirira.

Januwale 2021: matenda ayamba

Tsiku la mayi wathu lidafika pa nthawi yoipitsitsa. Januwale ndi mwezi wa mvula, mitsinje yodzaza, nkhokwe zopepuka ndi malungo. Chaka chimenecho udalinso mwezi wa funde lachiwiri la mliri. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Lingson Belekanyama ndi Sidik Mia, zidamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Chakwera adalengeza kuti dziko lili pangozi. Patapita masiku ochepa sukulu zidatsekedwanso, misika idalamulidwa kutseka 5 koloko madzulo, misonkhano isapose anthu 50, ndipo kuyenda usiku kuyambira 9 koloko kudaletsedwa. Mpweya wa okosijeni udasowa m'zipatala, ndipo bwalo la Bingu National Stadium lidasanduka chipatala.

Akatswiri a uchembere amati amayi amafa chifukwa cha kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa atafika. Mliri udatalikitsa kutatu konseku. Mantha adachedwetsa ganizo. Kusowa ndalama ndi kuchepa kwa zoyendera usiku kudatalikitsa njira, poti wa kabaza amayamba waganiza kawiri asanatuluke nthawi yoletsedwa. Ndipo m'chipatala, namwino mmodzi akadwala kapena akabindikiritsidwa, wotsalayo amagwira ntchito ya awiri. Mayi wa dera lino amayambira pachipatala chaching'ono, monga cha mishoni ku Kasina kapena china cha boma chapafupi. Mwana akapingasa kapena magazi akapanda kuleka, pamafunika ambulansi yopita kuchipatala chachikulu ku Dedza, ku Nkhoma, mwinanso ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Unyolo umenewu ukaduka pamodzi, waduka wonse.

Mankhwala a kuchedwa panjira tidawapeza kale: chidikiro, nyumba ya pachipatala imene mayi amakadikirirako mwezi womaliza. Koma chidikiro ndi malo othithikana, mphasa kugundana ndi mphasa, ndipo chimayenda ndi gadiyani. Amene sadagonepo pachipatala chathu sangamvetse kuti gadiyani ndi ndani. Ndi iye amene amaphika kukhitchini ya magadiyani, amatunga madzi, amachapa zitenje za magazi, amagwira mayi popita kubafa, ndipo usiku ndi iye amene amathamanga kukadzutsa namwino akaona kuti magazi achuluka. Kumene anamwino ali ochepa, gadiyani ndi maso a chipatala. Kuchepetsa magadiyani kunali ndi cholinga chabwino, koma mayi wa mimba yachisamba amene kale ankaperekezedwa ndi amayi ake ndi azakhali ake adatsala ndi mmodzi, ndipo mmodziyo akapita kukaphika, pabedi pankatsala popanda maso.

Apa ena adayamba kukumbukira azamba a m'mudzi. Mbiri yake ndi yokhotakhota. Boma lidawaletsa kuchiritsa mu 2007, Pulezidenti Bingu wa Mutharika adafewetsa chiletsocho mu 2010, ndipo mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda adalimbikitsa uchembere wabwino pogwira ntchito ndi mafumu monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu. Midzi yambiri idakhazikitsa chindapusa cha mbuzi, nkhuku kapena ndalama kwa wochirira pakhomo. Zipatso zidaoneka: amayi ochirira kuchipatala adachoka pa 73 mwa 100 mu 2010 kufika pa 91 mwa 100 mu 2015 mpaka 2016, ndipo imfa za amayi zidatsika kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004 kufika pa 439 mu 2015 mpaka 2016. Phindu limeneli ndi limene mliri udaliika pachiswe. Mzamba wa m'mudzi ali ndi chifundo ndi manja odziwa, koma alibe magazi, alibe jakisoni woletsa kutaya magazi, ndipo sangachite opaleshoni. Komanso chindapusa, m'nyengo imene njira yavuta, chimapangitsa banja kubisa kuti mayi wachirira pakhomo, ndipo khanda lobisidwa silikalandira katemera pa nthawi yake.

Khanda pachifuwa

Mwana atabadwa, funso lina lidadzuka: mayi akakhala ndi kolona, kodi ayamwitse? M'mayiko ena zipatala zidayamba kulekanitsa amayi ndi makanda awo. WHO idalangiza motsindika kuti mwana asachotsedwe kwa mayi ake: mayi avale masiki, asambe m'manja, ayamwitse. Mu Malichi 2021 kafukufuku amene bungwelo lidatsogolera adawerengera kuti njira ya kangaru, yofungatira mwana wobadwa masiku asanakwane pachifuwa khungu kukhudza khungu, ikhoza kupulumutsa ana okwana 125,000, pamene amene akanafa chifukwa chotenga kolona mwa njira imeneyi sakanafika 2,000. Kwa ife a kumalo ozizira, kumene magetsi sadalirika ndipo mkaka wa m'chitini ndi wodula komanso woopsa popanda madzi aukhondo, chifuwa cha mayi ndiye chofunda, chakudya ndi katemera woyamba.

Katemera wa kolona adafika pa 5 Malichi 2021, mlingo wokwana 360,000 wa AstraZeneca kudzera mu ndondomeko ya COVAX, ndipo Pulezidenti Chakwera adabayitsa pa 11 Malichi ku Zomba. Amayi apakati sadali nawo m'kafukufuku woyamba wa katemerayu, choncho malangizo okhudza iwo adayamba mokayikira. M'mpata umenewo mudalowa mphekesera yakuti katemera amatseka mimba. M'dziko limene ulemu wa mkazi umamangiriridwa ku kubereka, bodza limeneli lidagwira mizu msanga. Mu Meyi 2021 boma lidatentha mlingo wa katemera 19,610 wotha mphamvu. Umboni utachuluka, zidadziwika kuti katemera saletsa kubereka, ndipo kuti kolona ndi imene imavuta kwambiri mayi wapakati, poti m'miyezi yomaliza mapapo ake amakhala opanikizika kale, ndipo matendawa amatha kubweretsa mwana masiku asanakwane.

M'nyumba momwemo

Kuno ambiri timakwatira chikamwini, ndipo m'nyengo ya mliri chikhalidwe chimenechi chidathandiza. Mayi wochira anali pakati pa abale ake, amayi ake ali khomo loyandikana. Zinali zosiyana ndi mchemwali wake wa ku Area 36 mu Lilongwe kapena ku Johannesburg, amene adachira m'chipinda cha lendi, amayi ake atalephera kukwera basi kudzamusambitsira mwana. Komabe agogo omwewo, amene ali mizati ya chikuta, ndi amene kolona inkawapha kwambiri, makamaka odwala shuga ndi BP. Banja lililonse lidayenera kusankha pakati pa kuteteza gogo ndi kulandira thandizo lake.

Kwa abambo, chaka chimenechi chidavumbula mitima. Mkamwini amalemekezedwa ndi zimene wabweretsa, ndipo wobwera chimanjamanja tsiku ndi tsiku amadziona wochepa. Ena manyazi amenewo adawasandutsa mowa ndi nkhanza, ndipo nkhanza sizisiya mkazi chifukwa ali ndi pakati. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira mu 2006, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Koma wozunzidwa amayamba wathawira kwa ankhoswe, kumpingo kapena kwa anzake a pamjigo, ndipo kutalikirana kudachepetsa malo othawirako amenewa. Panalinso abambo ena amene adaphunzira zimene sadaziganizirepo: kubereka mwana kumbuyo, kuphikira ana mkazi ali kuchidikiro, kukankha njinga m'matope usiku mkazi ali pakaliyala. Amenewa atamandidwe, ndipo ana awo aamuna adaona.

Kodi khoti lidalondola?

Funsoli lili ndi mbali ziwiri, ndipo zonse n'zolemera. Ofuna m'bindikiro ankaona zipatala zathu zopanda mpweya wokwanira, ndipo Januwale 2021 adaonetsa kuti mantha awo sanali opanda pake. Anthu oposa 2,600 adalembedwa kuti adamwalira ndi kolona m'Malawi, ndipo pakati pawo panali aphunzitsi, abusa, ansembe ndi ogwira ntchito zachipatala.

Mbali inayi tiione kwa anzathu. Ku Uganda, kumapeto kwa Malichi 2020, boma lidaletsa magalimoto onse pamsewu, ndipo wofuna kupita ndi wodwala kuchipatala ankayenera kupempha chilolezo kwa mkulu wa boma. Amayi ena adafera panjira matenda atayamba. Ku Sierra Leone, m'nyengo ya Ebola ya 2014 mpaka 2015, ofufuza adawerengera kuti imfa zowonjezera za amayi, makanda ndi ana obadwa atafa kale zidafika pafupifupi 3,600 chifukwa chosiya kupita kuchipatala, chiwerengero choyandikira cha amene Ebola yeniyeniyo idapha m'dzikomo. Ndipo mu Malichi 2021 magazini ya zachipatala ya The Lancet Global Health, itasonkhanitsa kafukufuku 40 wa m'mayiko 17, idapeza kuti imfa za amayi ndi ana obadwa atafa zidakwera m'nyengo ya kolona, makamaka m'mayiko osauka.

Imfa za mliri zinkawerengedwa pawailesi madzulo aliwonse. Mayi wotaya magazi pangolo sankalowa m'chiwerengero chimenecho, ngakhale kuti naye adaphedwa ndi nyengo yomweyo. Khoti silidanene kuti kubindikira n'koipa nthawi zonse. Lidaimitsa m'bindikiro wopanda womudyetsa wobindikirayo, ndipo pamenepo lidagwirizana ndi ntchembere za m'mudzi.

Mliri wina usanafike

WHO idalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti kolona siilinso ngozi ya dziko lonse, koma ife tidaona kale kolera ya 2022 mpaka 2023 imene idapha anthu oposa 1,700, ndi namondwe Freddy amene adadula misewu ya kummwera mu Malichi 2023. Tsiku lina makomo adzatsekedwanso, ndipo tsiku limenelo m'midzi ya pa Linthipe mudzakhala amayi a miyezi itatu, isanu ndi umodzi, ndi isanu ndi inayi.

Zoyenera kukonzeratu n'zodziwika. Lamulo lililonse loletsa kuyenda linene poyera, tsiku loyamba lomwelo, pawailesi ndi pakamwa pa nyakwawa, kuti mayi wapakati, womuperekeza ndi womunyamula ali ndi njira usana ndi usiku, ndipo buku lake la kuchipatala ndiye chiphaso. Mzamba ndi mlangizi wa zaumoyo akhale oyamba kulandira zodzitetezera. Gadiyani avekedwe masiki, asathamangitsidwe. Sikelo, njira zolera ndi katemera wa ana zisaime, ndipo ngati amayi akuopa kubwera, zipite kwa iwo. Sukulu ikhale yomaliza kutsekedwa ndi yoyamba kutsegulidwa, ndipo ikatsekedwa, amayi a m'magulu osamalira atsikana pasukulu ndi anamkungwi adziwe kumene mtsikana aliyense ali. Thandizo la ndalama lisathere pamalire a mzinda. Ifenso akuluakulu a m'midzi ndi m'mipingo tizolowere kupereka magazi, tisasiyire ana a sukulu okha. Ndipo mudzi uliwonse ukhale ndi thumba la ulendo wa usiku, ndi wa njinga yamoto wodziwika amene foni yake siizima.

Ana amene adabadwa mu Januwale 2021 lero akuthamanga m'mabwalo a midzi yathu, ndipo sadziwa kuti adafika m'mwezi wa maliro. Aliyense wa iwo ali moyo chifukwa wina adayandikira pamene dziko lonse linkati talikirani: namwino amene adawerama, gogo amene adagona pansi pambali pa bedi, mnyamata wa kabaza amene adayankha foni mvula ikugwa. Tikamadzalemba malamulo a mliri wotsatira, tiyambe tafunsa funso limene ntchembere imafunsa isanatseke chitseko cha chikuta: madzi amutungira ndani?